Khoswe Ali pa Mkhate: Tiunike Kalata ya a Tim Cook

Acinyamata anzanga, pa 16 February 2016 mkulu wa kampani ya Apple, a Tim Cook, analemba kalata kwa anthu onse amene amagula mafoni a kampani yao. Kalatayo ndi yaifupi, mukhoza kuitsiriza tiyi wanu asanazizire. M'menemo anakana poyera kucita cimene khoti la ku California linawalamula tsiku lomwelo. Ambiri anawaombera m'manja, ena anawanena kuti ndi abwenzi a zigawenga. Ine ndiona kuti a Cook anaima pamalo oyenera, koma kalata yao iri ndi mabowo amene sitiyenera kuwapsitira maso. Tiyeni tiiunike pamodzi, popeza loko imene ankakangana iri m'thumba mwanu lero.

Coyamba mudziwe cimene cinacitika. Pa 2 December 2015, mumzinda wa San Bernardino, Syed Farook ndi mkazi wake Tashfeen Malik analowa ndi mfuti m'holo mmene anchito anzake a Farook anasonkhana. Anapha anthu 14, ndipo ena 22 anavulala kwambiri. Tsiku lomwelo awiriwo anaphedwa powomberana ndi apolisi. Mafoni ao eni anali atawaphwanya kale. Inatsala imodzi, iPhone 5C, imene Farook anapatsidwa kunchito. Mwini wake weni-weni anali boma la dera la San Bernardino, ndipo bomalo linavomera kuti apolisi a FBI aifufuze. Khoti nalonso linavomera. Cilolezo cinalipo, mwini foni analola, woigwiritsa nchito anali m'manda. Cimene cinasowa ndi manambala anai cabe otsegulira foniyo.

Mwina mufunsa kuti, manambala anai angagonjetse bwanji boma la America? Apa ndiye pali mutu wa nkhani, ndipo ndikupemphani kuti muleze mtima. Zonse ziri m'foni yotere, zithunzi, mauthenga, maina a anthu, zimasungidwa zitasokonezedwa mwa masamu. Ndico cimene akatswiri amacha encryption. Munthu atatsegula foni ndi sikuludiraiva nkucotsa kacipangizo kosunga zinthu, apeza zilembo zosamveka zokha-zokha. Kiyi yomasulira zilembozo imapangidwa posakaniza zinthu ziwiri: nambala yacinsinsi imene mwini foni anasankha, ndi nambala ina imene inaikidwa mkati mwa foniyo kufakitale, imene ngakhale Apple siisunga. Kuyambira mu 2014, kampaniyo inakonza mafoni ake mwa njira yakuti iyo yomwe isathe kuwatsegula.

Manambala anai angasanjidwe m'njira 10,000 cabe, kucokera pa 0000 kufika pa 9999. Kompyuta ikhoza kuyesa zonsezi ola limodzi lisanathe. Apple inadziwa zimenezi, ndipo inaika alonda awiri pakhomo. Ukalakwitsa kangapo, foni ikudikiritsa, poyamba mphindi imodzi, kenaka zisanu, mpaka ola lathunthu. Ndiponso mwini foni akhoza kuiuza kuti munthu akalakwitsa ka 10, ifafanize zonse. A FBI anaopa kuyesa, kuti umboni ungatheretu m'manja mwao.

Tsono woweruza, mai Sheri Pym, sanalamule Apple kuti ipereke kiyi, pakuti inalibe. Anailamula kuti ilembe pulogalamu yatsopano yocotsa alonda awiri aja ndi kulola kompyuta kuyesa manambala mofulumira. Nanga a FBI analekeranji kulemba okha? Cifukwa iPhone imakana pulogalamu iri yonse imene iribe cidindo ca Apple. Cimene boma linafuna kweni-kweni ndi cidindoco. Lamulo limene anatsamira ndi All Writs Act, la m'caka ca 1789, limene lipatsa makhoti mphamvu yolamula zofunika kuti zigamulo zao zigwire nchito. Ena amaseka ukalamba wa lamuloli, ine sindiseka. Lamulo silitha mphamvu cifukwa ca imvi. Funso ndi lakuti, kodi mphamvu imeneyi ifika pati?

Kalata ya a Cook iyamba bwino. Ikukumbutsa wowerenga kuculuka kwa zimene foni imasunga: ndalama, matenda, kumene uli ndi kumene upita, zokambirana zako ndi wokondedwa wako. Kenaka inena kuti kampaniyo iri ndi cisoni pa maliro aja, kuti inapereka kale kwa apolisi zonse zimene inali nazo, ndi kuti inatumiza amisiri ake kukathandiza. Pambuyo pake ndi pamene ibweretsa fanizo limene linachuka dziko lonse. Iti pulogalamu imene boma lifuna ifanana ndi kiyi imodzi yotsegula maloko mamiliyoni mazana-mazana, a mabanki, a masitolo, a nyumba za anthu.

Fanizo limeneli ndi lokoma, koma ndinene mosabisa kuti a Cook analikometsera. Lamulo la mai Pym linanena momveka kuti pulogalamuyo ilembedwe mwa njira yakuti igwire nchito pa foni imodzi yokha, ndipo linalola kuti zonse zicitikire m'nyumba za Apple momwemo. Wina ataiba pulogalamuyo nkuisintha kuti itsegule foni ina, cidindo cija cikanaonongeka ndipo foniyo ikanaikana. Kalatayo ingochula mwacidule kuti boma liti pulogalamuyo ndi ya foni imodzi, nkukana, koma sichula za cidindoco kapena za nyumba za Apple. Munthu wolembera anthu mamiliyoni, amene ambiri a iwo sadzawerenga mapepala a khoti, ayenera kunena mfundo ya mnzake mwacilungamo asanaigwetse. Apa a Cook anacita monga wamalonda pamsika amene aonetsa mbali yakupsa ya mango.

Komabe kiyi yotsegula maloko onse inalipodi pa mlandu uwu, ndipo kiyiyo inali cigamulo ca khoti. Ku America, monganso kuno kwathu kumene tinatengera malamulo a Angerezi, cimene khoti lagamula lero cimakhala njira imene milandu ya mawa idzadutsamo. A FBI ankabwereza-bwereza kuti afuna foni imodzi cabe. Koma m'masiku omwewo zinadziwika kuti boma linali litapempha kale Apple kutsegula mafoni ena pafupi-fupi 12 pa milandu ina. Woimira boma pa milandu ku Manhattan, a Cyrus Vance, anati iwo ali ndi mafoni 175 amene adikira. Pa 1 March 2016, mkulu wa FBI, a James Comey, anavomera pamaso pa aphungu kuti cigamulo ca mlandu uwu cikhoza kutsogolera milandu ina. Ganizani tsono. Pulogalamu yolembedwa kamodzi nkutenthedwa ndi yosavuta kuisunga. Koma pulogalamu yofunidwa sabata iri yonse, ndi apolisi a mizinda yosiyana-siyana, imafuna ofesi yake, anchito ake, makompyuta ake. Maloya a oimbidwa mlandu adzafuna kuiona kuti atsimikize kuti umboni sunasinthidwe. Cinthu cimene cadutsa m'manja ambiri cotere sicikhalanso cinsinsi. Ndipo America ikaloledwa, Apple idzakana bwanji China kapena Russia, kumene nakonso kuli makhoti ndi oweruza ndi zidindo zao?

Mbali imeneyi ya kalatayo, yonena za njira imene ingatseguke, ndiyo yamphamvu koposa, ngakhale anaiika kumapeto. Inena kuti ngati khoti lingakakamize kampani kulemba pulogalamu iyi, mawa lingaikakamize kulemba ina yoyatsa kamera kapena maikolofoni ya foni yako iwe osadziwa. Ena anati uku ndi kuopseza anthu. Ine ndinafufuza m'mfundo za boma malire amene akanaletsa zimenezo, ndipo malire amene anachula ndi akuti nchitoyo isakhale yolemetsa kwambiri kampani. Malire otere ateteza thumba la kampani. Iwe ndi ine satiteteza. Pali kusiyana pakati pa kuuza mmisiri wa maloko kuti, tipatse kiyi iri m'kabati mwako, ndi kumuuza kuti, khala pansi, sula cida cothyolera loko imene unagulitsa, ndipo usindikizepo dzina lako kuti loko ikukhulupirire. Woweruza wina wa ku Brooklyn, a James Orenstein, anaona kuti mphamvu ya boma iri ndi malire. Pa 29 February 2016, pa mlandu wa mankhwala osokoneza bongo, anagamula kuti lamulo la 1789 silipatsa boma mphamvu yotere, ndi kuti nkhaniyo ndi ya aphungu opanga malamulo.

Tsopano tifike pamene kalatayo iri cete, ndipo ndipo pandiwawa kwambiri. Kuyambira kale-kale, munthu wa ufulu amadziwa kuti wapolisi sangalowe m'nyumba mwake popanda cilolezo ca khoti. Koma amadziwanso kuti cilolezo cikaperekedwa, citseko cidzatseguka, afune asafune. Panalibe sefa imene boma silikanatha kuiboola. Ndiwo mgwirizano umene unasunga mtendere: cinsinsi cako ndi cako kufikira woweruza atakhutira kuti pali cifukwa. Encryption inaphwanya mgwirizano umenewu popanda cisankho, popanda mtsutso wa m'nyumba ya malamulo. Amisiri a ku California anangosintha pulogalamu usiku umodzi, ndipo pepala la woweruza linasanduka pepala wamba. A Comey pamene ankadandaula za ici sanali kunama.

Ndiponso pali anthu amene amalipira mtengo wake. M'caka comweco ca 2015, ku Louisiana, mai wina woyembekezera anawomberedwa pakhomo pa nyumba yake. Foni yake inali yokhoma. Abale ake eni ndiwo anapempha kuti itsegulidwe, poganiza kuti dzina la wakuphayo lingakhale m'menemo. Muwauze ciani anthu otere? Kuti masamu salola? Kalata ya a Cook ipereka ndime imodzi kwa olira, kenaka ithamangira kwina. Sivomera pena pali ponse kuti loko yolimba nthawi zina idzabisa wakupha, ndi kuti milandu ina idzafera m'mafaelo. Akanavomera zimenezi, ndikanawakhulupirira koposa. Munthu amene akuuza kuti njira yake iribe minga ndi munthu amene sanayendemo, kapena afuna kukugulitsa nsapato.

Nanga n'cifukwa ninji ndikali kumbali yao? Makolo anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Palibe amene akonda khoswe. Cimene citigwira dzanja ndi mkhate, ndipo pa nkhani iyi mkhatewo ndi wa mudzi wonse. Umboni wa ici ulipo, ndipo ndi cinthu cina cimene ndidandaula naco kuti kalatayo sinachule citsanzo ngakhale cimodzi, conseco zitsanzo zinalipo.

Mu 1993 boma la a Bill Clinton linabweretsa kacipangizo kochedwa Clipper, koika m'malamya. Kanali kobisa mau, koma kiyi yapadera inali yosungidwa ndi boma, yoturutsidwa pa cilolezo ca khoti. Caka cotsatira, katswiri wina, a Matt Blaze, anaonetsa kuti munthu wocenjera akhoza kugwiritsa nchito kacipangizoko nkutseka khomo la boma lija. Tanthauzo lake linali lakuti oipa odziwa zinthu akanapulumuka, ndipo osalakwa okha ndiwo akanatsala pambalambanda. Clipper inafa yokha pofika mu 1996. Ku Greece zinafika poipa. Makina a kampani ya lamya ya Vodafone anali ndi khomo lomvetserera mafoni, lopangidwira apolisi okhala ndi cilolezo. Mu 2004, caka ca masewera a Olympic ku Athens, anthu osadziwika analowera pa khomo lomwelo namvetsera mafoni oposa 100, kuphatikizapo ya nduna yaikulu ya dzikolo, a Kostas Karamanlis. Zinadziwika mu 2005, patapita miyezi yambiri.

Zimene zinacitika pambuyo pa kalatayo zinaonjezera umboni. Mu 2017 cida cothyolera makompyuta cimene cinabedwa ku NSA, bungwe la azondi a America, cinagwiritsidwa nchito kupanga kacirombo ka WannaCry. Zipatala za ku Britain zinaima nchito, ndipo maulendo a odwala pafupi-fupi 19,000 anaimitsidwa. Ngati nkhokwe ya azondi inabooledwa, ndani angalumbire kuti yake siibooledwa? Mu 2024 boma la America linalengeza kuti azondi a China alowa m'makina a makampani akulu-akulu a lamya monga AT&T ndi Verizon, ndipo nyuzipepala zinalemba kuti anafika ngakhale m'makina othandizira kumvetsera kololedwa ndi khoti. China inakana. Mu December caka cimeneco akulu-akulu a citetezo a America analangiza anthu kuti azitumizirana mauthenga pa mapulogalamu a encryption. Walira mvula walira matope.

Koma musathamangire kuwaveka a Cook nkhata ya maluwa. Kalatayo inalembedwa monga ya munthu woteteza ufulu wa anthu, koma inasainidwa ndi munthu wogulitsa mafoni, ndipo cinsinsi ndi cimodzi mwa zinthu zimene amagulitsa. Onani izi. Pa nthawi ya mlanduwo, makope a zamkati mwa foni amene amapita ku nkhokwe ya Apple ya pa intaneti, yochedwa iCloud, anali ndi kiyi yosungidwa ndi kampaniyo. Ndico cifukwa cake inatha kupereka kwa FBI makope a foni ya Farook ofika pa 19 October 2015. Njira yokhoma makopewo kuti mwini yekha ndiye awatsegule inabwera mu December 2022, patapita zaka pafupi-fupi 7. Mu 2017 Apple inacotsa m'sitolo yake ya ku China mapulogalamu a VPN amene anthu ankazembera nao maso a boma. Mu 2018 inasamutsira makope a anthu a ku China m'manja mwa kampani yogwirizana ndi boma la kumeneko. Kampaniyo inati itsatira malamulo a dziko. Cabwino. Koma kalata yolimba mtima inalembedwa m'dziko limene munthu angakane lamulo la woweruza nkukagona kunyumba kwake. Ku Beijing sitinaone kalata.

Mapeto a mlanduwo ndi ocititsa manyazi mbali ya boma. Zinadziwika kuti patangopita masiku ocepa ciwembu citacitika, anchito a boma la dera lija, pouzidwa ndi a FBI, anasintha mau acinsinsi a iCloud ya Farook. Akanapanda kutero, mwina foniyo ikanatumiza yokha makope atsopano. A Comey anavomera kuti panalakwika. Ndipo pa 21 March 2016, tsiku limodzi mbali ziwirizo zisanakumane m'khoti, boma linapempha kuti mlandu uime kaye. Pa 28 March linaucotsa, litapeza anthu ena amene anatsegula foniyo popanda Apple. Phungu wina, mai Dianne Feinstein, ananena pambuyo pake kuti nchitoyo inadya madola 900,000, ndipo mu 2021 nyuzipepala ya Washington Post inalemba kuti anaicita ndi a kampani ya ku Australia yochedwa Azimuth Security. Palibe cacikulu cimene boma linalengeza kuti lapeza m'menemo. Mwamuna wina amene mkazi wake anawomberedwa pa tsiku lija napulumuka anali atalembera kale khoti kucirikiza Apple. Anati mkazi wakenso anali ndi foni yakunchito yotere, ndipo aliyense ankadziwa kuti sungaikemo zinsinsi. Mabanja ena a ophedwa anaima ndi boma, ndipo sindiwaweruza. Mu 2018 ofufuza a unduna wa zacilungamo wa America anapeza kuti a FBI anapita kukhoti asanafunse mokwanira akatswiri ao omwe ngati panali njira ina.

Cifukwa mlandu unacotsedwa, funso lija silinayankhidwe ndi khoti lalikulu, ndipo lafalikira m'maiko ena. Mu April 2016 WhatsApp inakhoma mauthenga a anthu ake onse mwa njira yakuti wotumiza ndi wolandira okha ndiwo angawawerenge. Loko yake ndi imodzi-modzi ku California, ku Matero ndi ku Katete. Ikafooketsedwa cifukwa ca woweruza wa kutali, ifooka ndi kwa mlongo wanu amene atumiza zotsatira za kucipatala kwa amake. Kuno kwathu malamulo a za pa intaneti a 2021 analowedwa m'malo ndi atsopano mu April 2025, ndipo anthu anakangana kwambiri za mphamvu ya boma yomvetsera mauthenga. Mukamamva mtsutso wotere, funsani zinthu ziwiri padera-padera: kodi boma lipempha zimene kampani iri nazo kale, kapena lifuna kuti loko ya ali yense ipangidwe yofooka? Coyambaco ndi nchito ya woweruza, ndipo ndiiyamikira ikacitika poyera ndi pa cifukwa comveka. Caciwirico woweruza sangacilamulire, pakuti khomo likangobooledwa silifunsa wolowayo ngati ali ndi pepala la khoti.

Kumayambiriro kwa 2025 nyuzipepala zinaulula kuti boma la Britain, pogwiritsa nchito lamulo lake la 2016 lochedwa Investigatory Powers Act, linalamula Apple mwacinsinsi kuti itsegule njira yofikira makope okhomedwa aja a mu iCloud. Apple sinapange khomolo. M'malo mwake, mu February 2025, inacotsa loko yapaderayo kwa anthu a ku Britain, motero makope ao anabwerera pomwe anali kale, kiyi iri m'manja mwa kampani. Ulendo uno panalibe kalata yofotokoza zimene boma linapempha. Lamulo la kumeneko linaletsa kampaniyo ngakhale kunena kuti yalandira lamulo lotere.